Mkungudza wa kumpanda ukayamba kufiira, yambani mwafufuza musanagule mankhwala

Kuno kuchigwa cha Shire mpanda wa mkungudza si wofala. Ambiri timatchinga ndi bango, nkhadze kapena khonje, ena amangondandalika nimu m'malire. Komabe mukayenda ku Nchalo, paboma ku Chikwawa, ku Ngabu mpaka ku Bangula, mupeza makomo, masukulu, matchalitchi ndi malo ogona alendo pomwe wina anatsika ndi mbande kuchokera ku Limbe kapena ku Thyolo n'kuzidzala mozungulira bwalo. Zikagwira zimasangalatsa, mpanda uli biriwiri chaka chonse pomwe udzu wonse wauma. Ndiye chaka china, kawirikawiri dzuwa la Okutobala litafika pachimake, mbali ina imayamba kufiira.

Ndakhala ndikusamala mpanda wotere pabwalo la tchalitchi chathu kwa zaka zingapo. Utayamba kufiira ndinathamangira kukagula mankhwala, ndinapopera kawiri, koma mitengo inapitiriza kufa. Vuto linali m'madzi omwe ndinkathirira ine ndemwe. Ndalama zinapita, mitengo inayi inapitanso, ndipo mpaka lero zimandipweteka chifukwa ikanapulumuka. Nchifukwa chake ndikulemba ndondomeko yomwe ndimatsata tsopano.

Musanayambe, dziwani chimodzi. Mkungudza ndi mtengo wa kumtunda. Wa ku Mulanje, womwe ndi mtengo wa fuko lathu, kwawo ndi pamwamba pa phiri pomwe pamagwa nkhungu. Womwe amagulitsa wa mpanda nthawi zambiri ndi Cupressus lusitanica, wochokera ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo, ndipo kuno kwathu umakondwa ku Zomba, ku Dedza ndi ku Chikangawa. Palinso wina wa masamba ophwatalala ngati chikhatho, womwe ogulitsa amautcha thuja. Yonseyi ikatsika Thabwa, polowera m'chigwa muno, imakhala yafika kudziko lachilendo: kutentha kopitirira madigiri 40, mvula yochepa yogwa miyezi yowerengeka, madzi a mchere, kenako kusefukira kwa madzi. Choncho kuno mpanda ukamafiira, kawirikawiri mlandu umakhala pansi pa nthaka. Tizilombo tilipo, koma si tomwe muyenera kuyamba kuganizira.

Tengani khasu, mpeni wakuthwa, pepala loyera ndi ndowa. Pitani m'mawa dzuwa lisanakwere.

Choyamba, imani patali

Musathamangire kugwira masamba. Bwererani m'mbuyo mpaka muone mpanda wonse, chifukwa mmene kufiirako kwayalira ndi momwe muli theka la yankho.

Ngati yafiira ndi mbali imodzi yokha, yoyang'ana kumadzulo kapena yoyandikana ndi khoma la njerwa, malata kapena simenti, ganizirani za kutentha. Dzuwa la masana limawamba mbali imeneyo, ndipo khoma limapitiriza kutulutsa moto ngakhale usiku. Ngati kufiira kwayambira kunsonga, pamwamba ndi kunja, m'mpanda wonse mofanana, ganizirani ludzu kapena mchere. Ngati kwayambira mkati ndi m'munsi n'kumatulukira kunja mwa zigamba, apa pofiira apa pobiriwira, ganizirani nsabwe. Nthambi imodzi yofiira psuu pakati pa zinzake zobiriwira imaloza ku chilonda cha pakhungwa kapena kuthyoka. Mtengo wathunthu ukafota kuyambira pansi mpaka pamwamba, makamaka ngati oyandikana nawo akutsatira mmodzimmodzi, nkhani ili kumizu. Apa muonenso ngati omwe akufawo ali potsika, pomwe madzi amadikha mvula ikagwa.

Pali kufiira kwina komwe si matenda. Mukakankha nthambi n'kusuzumira mkati mwa mpanda wothithikana, mupeza masamba ouma pafupi ndi thunthu. Amenewo ndi akale omwe saona dzuwa, mtengo umawataya wokha. Ngati kunja konse kuli kobiriwira, usiyeni.

Chachiwiri, kandani khungwa

Sankhani kanthambi kofiira, mukande khungwa ndi chikhadabo kapena mpeni. Pansi pake pakakhala pobiriwira ndi ponyowa, nthambiyo ikadali moyo. Pakakhala pouma gwa ndipo kanthambi kakuthyoka m'malo mopindika, yafa. Pitirizani kukanda motsika mpaka mupeze pomwe pouma pakumana ndi pamoyo. Malire amenewo muwayang'anitsitse. Mukakanda mpaka patsinde osapeza pobiriwira, mtengowo watha, musautayirenso madzi.

Chachitatu, lowetsani dzanja mkati

Nsabwe za mkungudza zili ndi mbiri m'dziko muno. Mu Africa muno zinayamba kuoneka ku Malawi m'chaka cha 1986, kenako zinafalikira ku Tanzania, ku Kenya ndi maiko ena, ndipo zinaononga kwambiri mkungudza wodzalidwa, osasiya ngakhale wa paphiri la Mulanje. M'zaka za m'ma 1990 akatswiri anabweretsa timavu ting'onoting'ono tomwe timaikira mazira m'thupi mwa nsabwezo kuti zichepe. Nsabwezi zimakonda nyengo yozizira yopanda mvula, ndiye kuno kuchigwa muzizifuna kwambiri mu Juni, Julayi ndi Ogasiti, makamaka pa mbande zomwe zangotsika kumene kuchokera kumtunda.

Si zobiriwira ngati za pa mpiru. N'zotuwa mofiirira, zokulirapo pang'ono, ndipo mtundu wake umafanana ndi khungwa. Sizikhala pamasamba akunja, zimaunjikana patinthambi ta mkati. Kuona maso a nkhono n'kudekha, choncho musafulumire. Ikani pepala loyera pansi pa nthambi, muigwedeze mwamphamvu, muone zomwe zagwa. Gwiraninso tinthambi: ngati tikumata m'manja, ngati tada bii ngati tapakidwa mwaye, ngati nyerere zikukwera ndi kutsika mothamanga, nsabwe zilipo kapena zinalipo. Zimatulutsa timadzi totsekemera tomwe nyerere zimatsata, ndipo chuku chakuda chimamera pamenepo.

Chomwe chimapusitsa ambiri n'chakuti kufiira kumaoneka mochedwa. Nsabwe zimayamwa mu Julayi, masamba amadzafiira mu Seputembala kapena Okutobala zitachoka kale. Mukapeza mwaye ndi timakoko touma koma popanda nsabwe zamoyo, kupopera n'kutaya ndalama. Lembani pakalendala kuti chaka chamawa mudzayambe kuyang'ana mu Meyi.

Papepala pomwepo mukhoza kuona timadontho tofiira toyenda pang'onopang'ono, tomwe mukatisisita ndi chala timasiya mzere. Amenewo ndi akangaude ofiira, abale a omwe amativutitsa pa tomato. Iwo ndiye amakondwa ndi kutentha ndi fumbi, moti mpanda wa m'mbali mwa msewu wafumbi umawapeza msanga. Masamba ake amayamba atuwa ngati phulusa asanafiire.

Mukapeza zamoyo, yambani ndi madzi: tsukani mkati mwa mpanda ndi madzi amphamvu, kenako mupopere madzi a sopo wochepa, kapena madzi omwe mwaviikamo masamba kapena njere za nimu zosinja. Nimu sitisowa kuno. Poperani madzulo, osati dzuwa lili pamutu, ndipo mulowetse mpopi mkati chifukwa kunja kulibe kanthu. Bwerezani pakatha sabata. Zikakanika, funsani alangizi a zankhalango kapena a zaulimi za mankhwala oyenera, ndipo mutsate muyeso wolembedwa pabotolo. Mankhwala amphamvu amapha ndi tizilombo tomwe timadya nsabwe, ndiye musawasandutse chizolowezi.

Chachinayi, thunthu ndi nthambi

Pamalire aja a pouma ndi pamoyo, funani utomoni wotuluka n'kuyenderera, khungwa long'aluka kapena lolowa mkati. Mukasenda pang'ono n'kupeza mkati mwada mofiirira, ndi chilonda choyambitsidwa ndi chuku chomwe chimalowera pabala, ndipo chikazungulira nthambi, kumtunda konse kumauma. Palibe chopopera chomwe chimachiza chilonda chomwe chakhazikika. Dulani nthambiyo m'munsi mwa chilonda, pamalo abwino, kutalika kwa chikhatho chimodzi kuchokera pomwe pada. Pukutani mpeni ndi sipiliti kapena madzi a Jik musanagwire mtengo wina, ndipo zodulazo mukatenthe kutali. Chilonda chikakhala pathunthu penipeni, zulani mtengo wonse.

Muonenso ngati pali waya kapena chingwe chomwe wina anamanga kale n'kuiwala. Chimalowa m'khungwa mtengo ukamakula n'kuupotola khosi. Mbuzi nazo zimasenda khungwa m'chilimwe msipu ukatha.

Chachisanu, kumbani

Apa ndi pomwe ambiri amachita ulesi, pomwe yankho limakhala pomwepa.

Yambani patsinde. Fukulani ndi manja mpaka mupeze pomwe thunthu limayamba kutambasuka kukhala mizu. Malo amenewo ayenera kukhala pamwamba, molingana ndi nthaka. Ife a kuchigwa tikudziwa zomwe madzi amasiya akaphwa. Kusefukira kwa mu Januwale 2015, namondwe Idai mu 2019, Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023, zonsezi zinasiya matope ndi mchenga m'mabwalo ambiri. Mtengo womwe tsinde lake lakwiririka ndi matope sufa tsiku lomwelo. Khungwa lokwiririkalo limaola pang'onopang'ono, mizu imasowa mpweya, ndipo mtengo umadzafiira patapita miyezi, mwina chaka, anthu ataiwala za madzi aja. Zimachitikanso popanda chigumula, pomwe wosesa pabwalo amakankhira dothi kumpanda m'mawa uliwonse. Mukapeza tsinde lakwiririka, fukulani, ndipo musende pang'ono khungwa la pamenepo. Likakhala loyera mkati, mwafika nthawi yabwino. Likakhala lofewa, lakuda, lonunkha, mwachedwa.

Kenako kumbani dzenje pambali, kutalika kwa phazi limodzi kapena awiri kuchokera pathunthu, lakuya masentimita 30. Tengani dothi la pansi mulifumbate.

Likakhala louma, losagwirana, mtengo uli ndi ludzu ngakhale mumathirira tsiku lililonse. Izi ndaziona kambirimbiri. Mwana amatumidwa ndi keni imodzi kuti athirire mpanda wonse, pamwamba pamanyowa, maso amakhutira, koma madzi sanalowe ngakhale kutalika kwa chala. Mizu imazolowera kukhala pamwamba, pomwe pamatentha ngati chiwaya masana. Kuthirira kwabwino ndi kwa apo ndi apo koma kokhutitsa: pangani kamkombero kozungulira mtengo, thirani ndowa ya malita 20 pang'onopang'ono, kawiri pa sabata m'nyengo yotentha, madzulo. Mawa lake kumbaninso muone pomwe madzi afika.

Likakhala lonyowa thapsa, lotuwa, lonunkha ngati chithaphwi, vuto ndi madzi ochuluka. Chovuta n'chakuti mtengo womira ndi mtengo waludzu amaoneka chimodzimodzi pamwamba, chifukwa mizu yoola simwa madzi. Mwini wake akaona kufiira amaonjezera kuthirira, n'kuumaliza. Yang'anani timizu ting'onoting'ono: tamoyo timakhala toyera mkati ndi tolimba, toola timakhala takuda ndipo khungu lake limavuuka mukakoka. Kuti mudziwe ngati malowo amasunga madzi, dzazani dzenje lija ndi madzi madzulo. Mukawapeza akadalimo m'mawa, pamenepo si pa mkungudza pokhapokha mukumbe ngalande. Muonenso komwe madzi a kubafa, a pamjigo ndi a padenga amathera.

Amene muli pa makande, monga madera ambiri ozungulira Ngabu, mumakumana ndi zonse ziwiri. M'dzinja dothi lakudalo limagwira madzi osawataya, m'chilimwe limang'ambika ming'alu yoti dzanja n'kulowa, ndipo ming'aluyo imadula mizu n'kulowetsa mpweya wotentha. Kuphimbira ndi udzu kapena masamba kumachepetsa kung'ambikako. Koma siyani mpata wa chikhatho pakati pa zophimbirazo ndi thunthu chifukwa cha chiswe.

Za chiswe ndinene mosamala. Mukaona tinjira ta dothi tikukwera thunthu, phwanyani muone pansi pake. Nthawi zambiri chiswe chimabwera pamtengo womwe wafooka kale ndi ludzu kapena womwe mizu yake yafa, ndiye chimapezeka pamalo a ngozi n'kusenzetsedwa mlandu wonse. Pa mbande zazing'ono chimathadi kudya mizu ndi khungwa la patsinde mpaka kupha. Pamtengo waukulu, funsani kaye chomwe chinaufooketsa.

Chomaliza m'dzenjemo, ngati ndi mtengo umodzi kapena iwiri yomwe yakhala yokwinimbira chidzalireni, igwedezeni. Ikamagwedera ngati chikhomo, ifukuleni. Si kamodzi ndapeza chubu cha pulasitiki chikadali chovala kumizu, kapena mizu itapotana ngati nkhata chifukwa mbande inakhalitsa kunazale. Mtengo wotero umapirira zaka ziwiri zitatu, n'kugonja chilimwe choyamba chowawa.

Chachisanu ndi chimodzi, lawani madzi

Apa ndi pomwe panali vuto langa. Si chinsinsi kuti mijigo yambiri m'boma la Chikwawa ndi la Nsanje imatulutsa madzi a mchere, mwakuti midzi ina imasiya mjigo wapafupi n'kukatunga kutali. Madzi omwe anthu akana kumwa ndi omwe timati "awa ngothirira maluwa". Mkungudza supirira mchere ngati mmene nimu kapena mgwalangwa umachitira. Nthawi iliyonse mukathirira, madzi amauluka ndi dzuwa koma mchere umatsala, ndipo mu Novembala umakhala waunjikana miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa.

Zizindikiro zake: nsonga zimapsa m'mpanda wonse, dothi la pamkombero limachita nkhanambo yoyera mbee likauma, ndipo mvula ikagwa kwa masabata angapo mitengo imayamba kuphukira bwino, n'kudzabwereranso m'mbuyo chilimwe chotsatira. Lawani madziwo. Ngati lilime silikutsimikiza, thirani pang'ono m'mbale yotsuka ya mtundu wakuda, muike padzuwa mpaka aume, muyerekeze ndi mbale ina ya madzi a mvula kapena a mumtsinje. Kusiyana kwake kumaoneka ndi maso.

Chothandiza n'kusintha madzi. Kololani a padenga m'dzinja, kapena tungani pomwe anthu amatunga akumwa. Nthawi ndi nthawi thirani madzi abwino ochuluka kuti akankhire mchere pansi kupitirira mizu, ngakhale izi zimatheka pa dothi lolowa madzi, pa makande n'zovuta. Ngati mulibe kuchitira mwina, musawaze madzi a mcherewo pamasamba, thirani pansi pokha. Ndipo chonde musathire feteleza pamtengo wofiira poganiza kuti uli ndi njala. Feteleza nayenso ndi mchere, amangoonjezera moto. Manyowa owolerana bwino, oyala pamwamba mvula itayamba, ndi okwanira.

Chachisanu ndi chiwiri, funsani a pakhomo

Zina sizioneka ndi khasu. Pabwalo lathu panali chigamba chimodzi chomwe chinandizunguza mutu mpaka ndinafunsa agogo ena omwe amasesa Loweruka. Anandiyankha kuti, "Mwanawe, pamenepo mpomwe timatenthera zinyalala." Moto sufunika kukhudza masamba, kutentha kwake kokha kumawamba. Funsani ngati wina anapopera mankhwala opha udzu kukuomba mphepo, ngati pali pomwe amatayira madzi ochapira kapena phulusa, ngati anakumba ngalande kapena maziko pafupi. Chigamba chofiira m'munsi, pangodya, pamsinkhu wa bondo, kawirikawiri ndi pomwe galu amakodza.

Funsaninso kuti mpanda unadulidwa liti. Kumeta mu Okutobala kumavula mtengo malaya dzuwa lili pachimake, masamba a mkati omwe anazolowera mthunzi amapsa pa masiku awiri okha.

Mukapeza chifukwa

Konzani chomwe mwapezacho, chimodzi, kenako dikirani. Masamba omwe afiira sadzabiriwiranso. Chomwe mukuyang'ana ndi chakuti kufiira kwaleka kufalikira ndipo nsonga zatsopano zikutuluka mvula ikagwa.

Podula zouma samalani kwambiri. Mkungudza suli ngati nimu kapena cham'mwamba zomwe mumadula mpaka pachitsa n'kuphukanso. Mukadula kupitirira pomwe pali masamba obiriwira n'kufika pamtengo wosalala, nthambi imeneyo siphukanso, bowo limakhala mpaka kalekale. Thuja amayesako pang'ono, koma musadalire. Choncho chotsani zokhazo zomwe mwakanda n'kupeza zafa, zokayikitsa muzisiye mpaka Januwale. Bowo laling'ono mungalitseke pokokera nthambi zamoyo za m'mbali n'kuzimanga momasuka ndi luzi, lomwe limaola lokha lisanapweteke khungwa. Kumeta kwa nthawi zonse kuzichitika pang'onopang'ono, kumapeto kwa dzinja kapena m'nyengo yozizira, ndipo m'munsi muzikhala motambalala kuposa pamwamba kuti nthambi zapansi ziziona dzuwa.

Ngati zizindikiro sizikugwirizana ndi zonsezi, dulani kanthambi komwe kali ndi pouma ndi pamoyo pomwe, tengani ndi timizu pang'ono, mukulunge m'nyuzipepala osati m'jumbo, mupite nazo ku ofesi ya zankhalango ya m'boma lanu. Zikawavuta, akatswiri ofufuza za mitengo ali ku FRIM, bungwe lofufuza za nkhalango, ku Zomba.

Mitengo yoposa theka ikafa, ndipo chifukwa chake ndi mchere kapena madzi odikha, ine sindingakulangizeni kugulanso mkungudza. Pamalo omwe pafera mtengo ndi mizu yoola, wina wa mtundu womwewo amakafanso. Amene mukufuna maonekedwe ofananako, yesani casuarina. Si mkungudza, ndipo mungauzindikire pokoka "singano" yake, imaduka m'mfundomfundo. Umapirira kutentha ndi mchere, ndipo umalola kumetedwa ukayambidwa uli waung'ono, ngakhale mbande zake nazo zimafuna kuziteteza ku chiswe. Nimu wodzalidwa mothithikana n'kumametedwa amatchinga bwino. Pabwalo lathu tinasiya mkungudza mbali ya kum'mawa, pomwe pali mthunzi wa mtengo wa bwemba masana ndipo dothi ndi lamchenga, ndipo timauthirira ndi madzi a m'thanki ya padenga. Mbali ya kumadzulo, yoyang'ana kumsewu, tinadzalako nimu mvula itakhazikika mu Januwale.